Aphunzitsi akunja a ku Mbombwe sanali azungu

Uzani mwana wa pulayimale kuti ajambule mphunzitsi wochokera kunja, adzakujambulirani mzungu wa mphuno yosongoka, chikwama kumsana, botolo la madzi m'manja. Akuluakulufe sitisiyana naye kwenikweni. Timati wakunja ndi mzungu, mzungu ndi ndalama, ndipo akafika pasukulu ndiye kuti bwana wafika. Amene amakhulupirira zimenezi akwere galimoto apite ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, pa mishoni ya Providence Industrial Mission yomwe tonse timangoti PIM.

John Chilembwe palibe wosamudziwa. Nkhope yake timayenda nayo m'thumba, ndipo pa 15 January maofesi amatseka. Anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, anakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwerako mu 1900 ali mbusa. Zimenezi zili m'mabuku a kusukulu. Zomwe sizitchulidwa kawirikawiri n'zakuti mpingo umene unamuthandiza, National Baptist Convention, unali wa anthu akuda, ndipo omwe unawatumiza kudzamuthandiza anali akudanso. Mbusa Landon Cheek wa ku Mississippi anafika mu 1901. Mayi Emma DeLany a ku Fernandina ku Florida anafika mu 1902, ataphunzira za umishonale ndi unamwino ku Spelman, sukulu ya atsikana akuda mumzinda wa Atlanta. Mayiwa anabadwa mu 1871, patangopita zaka 6 ukapolo utathetsedwa kwawoko. Tangoganizani anthu a m'midzi yozungulira Mbombwe akuona mayi wa khungu ngati lawo, wovala diresi lofika kuzidendene, koma pakamwa pakungotuluka Chingerezi.

Zoti wakunja ndi bwana zija nazo zinali chadodolido. M'mamishoni ena, monga a ku Blantyre ndi ku Domasi, mzungu ndiye anali pamwamba, aphunzitsi akuda pansi pake. Ku Mbombwe mutu anali Chilembwe, mwana wa konkuno, ndipo ochokera kutsidya la nyanja anabwera kudzagwira ntchito pa mishoni yake. Atsamunda zoterezi sanazizolowere, ndipo sizinawasangalatse.

Tsono ndalama. Kunena zoona, chikhulupiriro chakuti mphunzitsi wakunja amasambira m'ndalama chili ndi pomwe chinachokera. Pamene a Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, aphunzitsi anachita kuwaitanitsa kunja, ambiri a ku Britain, n'kuwapatsa nyumba ndi malipiro omwe mphunzitsi wa sekondale ya boma sakanawalota. Lero aphunzitsi akunja a m'sukulu zikuluzikulu zolipira za ku Blantyre ndi ku Lilongwe sadandaula za mtengo wa makala. Koma amenewo ndi mbali imodzi chabe. Ndalama zoyendetsera mishoni ya ku Mbombwe zinkachokera m'mbale za chopereka za mipingo ya anthu akuda, ambiri mwa iwo alimi obwereka minda ndi amayi ochapa zovala m'makomo a azungu. Zinkabwera zochepa, mwa apo ndi apo. Njanji ya ku Blantyre inali isanafike, poti inatsegulidwa mu 1908, ndiye kalata kapena katundu wochokera ku America ankadzera padoko la Chinde, n'kukwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, kenako pamitu pa amtengatenga. Munthu unkalemba kalata yodandaula kuti ndalama zatha, yankho n'kukupeza dzinja litasanduka chilimwe. Kuchepa kwa thandizo ndi kudwaladwala ndi zina mwa zomwe zinabweza Cheek kwawo. Komabe m'zaka zochepazo pa Mbombwe panaoneka nyumba za njerwa ndi minda yolongosoka.

Ndili pa sekondale yoyendera kwathu kumudzi, tinalandira mphunzitsi wa masamu wochokera kunja, mtsikana wongodzipereka. Tsiku loyamba tinathamangira kunyumba kwake kukaona katundu. Tinapeza matiresi, ndowa ziwiri, mbaula ndi mabuku. Basi. Madzi ankakatunga kumjigo limodzi ndi amayi athu, ndowa ikumuthira kumsana njira yonse chifukwa kusenza sankakudziwa. Tsiku lina anatiitana kuti tidzalawe nsima yake yoyamba. Mthiko anaugwira ngati akulemba pabolodi, ufa anathira wonse kamodzi, ndipo chomwe chinatuluka chinali chosapsa, chodzaza mibulu. Tinadya chifukwa cha ulemu. Kumsika, mulu wa tomato umene ife tinkagula mtengo wake, iye ankauzidwa mtengo wina, mpaka anaphunzira kunena kuti “Tsitsaniko, mayi, ndine mphunzitsi ine,” amayiwo n'kufa nazo kuseka, n'kumuikiranso ya pulaizi. Odzipereka otere, monga a Peace Corps amene anayamba kubwera kuno mu 1963 ndi a ku Japan amene anayamba mu 1971, salandira malipiro enieni koma alawansi yoti azidyera, ndipo ambiri amakhala zaka ziwiri. Chomwe amatiposera n'chakuti akadwala kwambiri bungwe lawo limawatenga, ndipo tikiti yobwerera kwawo amakhala nayo. Kusiyana kumeneko n'kwakukulu, sindikukukana. Koma sikuti m'nyumbamo mumakhala thumba la madola.

Ena amati, popeza DeLany ndi Cheek anali akuda, ndiye kuti anangofika kwawo, sanavutike. Khungu silimva Chiyao. Dera la Chiradzulu linali la Ayao ndi Amang'anja, komanso Alomwe ankalowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique m'zaka zomwezo. Mlendo wa ku Florida ankayenera kuyamba ndi moni, ngati mwana, ndipo udzudzu sunkamusiya chifukwa choti makolo ake akale anachokera ku Africa. Mayi DeLany, atachoka kuno, anapita ku Liberia mu 1912 kukayambitsa mishoni ya Suehn, ndipo malungo oopsa omwe anawatenga kumeneko ndiwo anawapha mu 1922. Cheek yekha ndiye analowerera ndithu m'mudzi: anakwatira Rachel, wachibale wa Chilembwe, n'kukhala mkamwini.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya mayi DeLany inali yooneka yaing'ono: kuphunzitsa ana m'kalasi, kusonkhanitsa amayi ndi atsikana kuti aziphunzira kusoka, kusamalira odwala. Koma m'dziko lomwe nsalu inali chuma, mkazi wodziwa kudula ndi kusoka malaya sankayang'ananso m'manja mwa wina. Ndipo Chilembwe ankafunitsitsa kuti Mwafirika azivala mwaulemu, asamaoneke wopepuka pamaso pa mzungu. Singano ndi ulusi zinali mbali ya nkhondo imeneyo. Mayiwa atachoka, kalasi yosokayo inapitirira m'manja mwa Ida, mkazi wa Chilembwe.

Apa pali bodza lina lakale lomwe linayamba ndi atsamunda ndipo likumvekabe: lakuti kuukira kwa Chilembwe kwa pa 23 January 1915 kunachita kudzalidwa ndi anthu akuda a ku America. Mzungu wa nthawi imeneyo zinkamuvuta kuvomereza kuti Mwafirika angakwiye payekha popanda womutuma. Koma pofika mu 1906, DeLany ndi Cheek onse anali atabwerera kwawo, zaka 9 mfuti isanalire. Zokwiyitsa zinali pakhomo pomwepo: thangata m'minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero, nkhanza za William Jervis Livingstone amene ankayang'anira mindayo, kuotchedwa kwa matchalitchi a udzu a PIM m'malo a esitetiyo, njala ya cha mu 1912 ndi 1913, ndi kutengedwa kwa amuna kupita kunkhondo ya azungu mu 1914. Zimenezi sizinkafunika mphunzitsi wa ku Mississippi kuti azimasulire. N'zoona kuti ku America Chilembwe anaona ndi kumva zambiri za moyo wa anthu akuda, koma anaziona ndi maso ake.

Dandaulo lomwe ndimalimva kwambiri masiku ano n'lakuti aphunzitsi akunja amabwera, amajambula zithunzi ndi ana, amapita, osasiya kanthu. Nthawi zambiri amene amanena zimenezi salakwitsa, makamaka pa obwera milungu iwiri aja. Koma ku Mbombwe nkhani yake ndi ina. Pakati pa ana a sukulu a mayi DeLany panali mnyamata wina, Daniel Malekebu. Aphunzitsi ake atanyamuka, iye mtima unakana kukhala. Anathawa kwawo, anayenda wapansi mpaka kudoko la Beira, anapeza ntchito musitima yapamadzi, anadzera ku London, mpaka anakafika ku America. Kumeneko anaphunzira mpaka kutenga udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville mu 1917, zaka 20 Kamuzu asanatuluke pasukulu yomweyo. Cheek nayenso pobwerera anatsegula njira yoti anyamata awiri a kuno, Matthew ndi Frederick Njilima, akaphunzire ku America.

Kuukira kuja kutalephereka, Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915, tchalitchi chake chachikulu cha njerwa boma linachigumula, mishoni inatsekedwa. Malekebu atayesa kubwerera mu 1921, atsamunda anamukaniza, poopa kuti wophunzira ku America aliyense ndi Chilembwe wina. Anakadikirira ku Liberia. Mu 1926 anamulola, ndipo anadzatsegulanso PIM pa Mbombwe pomwepo. Tchalitchi chimene chili pamalopo lero, pafupi ndi mabwinja a chakale chija, chinamangidwa m'nthawi yake.

Malekebu sanabwere yekha. Mkazi wake, Flora Zeto, anabadwira ku Congo, anatengedwa ali mwana kupita ku America, n'kukaphunzira ku Spelman komwe kuja kunaphunzira mayi DeLany. Kwa anthu a ku Chiradzulu nayenso anali mlendo wolankhula Chingerezi cha ku Atlanta, ndipo anayenera kuyambira pa moni. Anaphunzitsa amayi ndi atsikana a pa mishoni, ndipo anakhala pa Mbombwe zaka makumi angapo.