KUONETSA MAKOLO DZIKO LA MIGODI PA CIWERU NDI PA SONDO

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, makolo ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke akwera basi kudzaona ana ao amene agwira nchito ku migodi. Ulendo wace ngwautali ndithu. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 550, ndipo kucokera ku Lusaka kufika ku Ndola pali enanso oposa 300. Nkhalamba imene ipirira mtunda wotere ili ndi funso limodzi mumtima mwace: kodi mwana wanga akhala pa malo otani, ndipo nchito imene imdyetsa njotani? Mwanayo ali ndi masiku awiri okha akuyankhira funsoli, Ciweru ndi Sondo. Akawagwiritsa bwino, makolo abwerera mtima uli pansi. Akawataya, kumudzi kumveka mbiri yakuti uje wasanduka mchona.

Coyamba ndico kukonzeka. Munthu wa pa shifiti apemphe cilolezo nthawi ikalipo, kapena asinthane ndi mnzace. Makolo atafika, apumule tsiku lathunthu, pakuti miyendo ya akulu itupa m'basi. Pambuyo pace mwana asankhe malo ocepa, awiri pa tsiku basi. Ena alakalaka kuonetsa makolo ao mathithi a Mosi-oa-Tunya, koma kucokera ku Kitwe kufika ku Livingstone pali makilomita oposa 800, ndipo masiku awiriwo angathere mumseu. Pafupi pompano, pakati pa Ndola, Luanshya ndi Kitwe, pali zinthu zokwanira kufotokoza moyo wonse wa ku migodi.

Pa Ciweru m'mawa, dzuwa lisanakwere, nkwabwino kuyambira ku Copperbelt Museum, nyumba yosungiramo zakale imene ili mu mseu wa Buteko ku Ndola. Mwana afunsiretu nthawi yotsegulira ndi mtengo wolowera. M'menemo makolo adzaona miyala imene mkuwa ucokeramo, pamodzi ndi mwala wobiriwira wochedwa malachite. Anthu a dziko lino anaudziwa mwala umenewu Azungu asanafike. Anaukumba ku Bwana Mkubwa ndi ku Kansanshi, nausungunula m'ng'anjo zadothi, ndipo mkuwa woumbidwa ngati mtanda unayenda m'maiko ngati ndalama.

Pamenepo mpamene mwana angalongosole nchito yace m'mau amene akulu awadziwa. Miyala ikaturuka pansi iphwanyidwa ndi kuperedwa kufikira isanduka ngati ufa. Ufawo usakanizidwa ndi madzi ndi mankhwala, mpweya upemereredwamo, ndipo thobvu linyamula mkuwa kudza pamwamba, zotsala nizimira pansi. Zimene zayengululidwa pamwamba zipita ku ng'anjo yaikuru. Mai amene akonola ndi kupeta cimanga masiku onse sacedwa kumvetsa zimenezi, pakuti nkulekanitsa mphale ndi gaga komwe. Alendo salowa mumgodi popanda cilolezo, koma ali mumseu angathe kuona nsanja zacitsulo ndi mikombero yace imene itsitsa cikepe, monga za ku Nkana. Madzulo kunyumba mwana awaonetse cisoti cace colimba ndi majombo ace, azigwire ndi manja ao.

Masana pafunika nsima yeni-yeni ndi mthunzi wokhalapo. Buledi ndi zakumwa zozizira sizigwira m'mimba mwa munthu wa kumudzi. Ngati akuluwo amwa mankhwala a matenda a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, mankhwalawo akhale m'thumba pamodzi ndi botolo la madzi.

Dzuwa litapendeka, apite ku malo a cikumbutso ca Dag Hammarskjöld, pafupi ndi Ndola, kupatuka pa mseu wa ku Kitwe. Iyeyu anali mlembi wamkuru wa bungwe la United Nations. Usiku wa pa 17 kucera pa 18 September 1961 anali kudza ku Ndola kudzakambirana ndi Moïse Tshombe za nkhondo ya ku Katanga, ndipo ndege yace inagwa m'nkhalango isanatere. Anthu onse 16 amene anali m'ndegemo anafa, mmodzi wa iwo atakhala masiku ocepa m'cipatala. Pamalopo pali mulu wa miyala, munda wa mitengo, ndi culu cimene mtembo wace unapezedwapo. Malo amenewa ngodekha, ndipo akulu awakonda, cifukwa adziwa ulemu woyenera pamene munthu anafera pa nchito yoyanjanitsa anzace.

Pa Sondo mapemphero akhale patsogolo. Ku chalichi nkumene makolo akumana ndi anthu a kwao, naona amene adzathamangira mwana wao pa tsiku la matenda kapena la maliro. Cimeneci ciwakhazika mtima pansi koposa cinthu cina ciri conse.

Atadya, apite ku Luanshya, ulendo wa makilomita ngati 30 kucokera ku Ndola. Kumeneko kuli cipilala ca William Collier, amene mu 1902 anaombera cilembwe m'mbali mwa mtsinje wa Luanshya, napeza mkuwa pa thanthwe pamene nyamayo inagwera. Ndico cifukwa cace mgodiwo unachedwa Roan Antelope, ndilo dzina la cilembwe m'Cingerezi. Unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931. Pomanga mgodiwo malungo anapha anthu ambiri, kufikira madambo anaumitsidwa ndi ngalande ndipo udzudzu unacepa. Ku Luanshya komweko, mu May 1935, anchito aciAfirika atanyanyala nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho, apolisi anaombera ndi kupha anthu 6. Mu 1940 enanso 17 anafa ku Nkana. Bungwe la anchito aciAfirika a m'migodi linakhazikitsidwa mu 1949, mtsogoleri wace ali Lawrence Katilungu. Apa mwana acepetse mau ndi kuchera khutu, pakuti m'mabanja ambiri a kum'mawa munali agogo amene anagwira nchito ku Roan, ku Kabwe kapena ku migodi ya ku Harale ndi ku Joni, ndipo atate angakhale ndi nkhani imene sanainenepo.

Mosapeneka mai adzafunsa ngati pansi pamenepo pali ngozi. Ayankhidwe zoona. Pa 25 September 1970 matope anagumukira mumgodi wa Mufulira, napha amuna 89, ndipo mbiri imeneyi inafika m'midzi yonse. Mwana akakana kuti ngozi kulibe, mai adziwa kuti anamizidwa, nadera nkhawa koposa. Cabwino nkuwauza zimene zicitika tsiku ndi tsiku: kuti denga liyesedwa ndi kucirikizidwa anthu asanayambe nchito, kuti mpweya wabwino upopedwera pansi ndipo madzi apopedwera kunja, ndi kuti munthu ali yense awerengedwa polowa ndi poturuka.

Pa ulendo wonsewu mwambo usaiwalike. Akulu ayambe kukhala pansi m'basi, ndipo apongozi asapanikizidwe pa mpando umodzi ndi mkamwini kapena mtengwa wao. M'misika ya kuno cimveka kwambiri ndi Cibemba, cotero mwana amasulire mwaulemu, osaseka pamene atate aphonya mau. Adzukulu apite nao, pakuti kawiri-kawiri ndiwo amene agogo awadzera. Kuyenda kukhale kwa liwiro la munthu wokalamba koposa onse.

Kunena za ndalama, nkulakwa kutenga kaloba pofuna kuoneka wolemera masiku awiri. Makolo aona msanga pamene mwana adzikakamiza, ndipo ngongoleyo itsala iwo atapita. Mwana ayambe wapatula ndalama ya basi yobwerera ndi kamba wa panjira, ndi ina ya feteleza ngati ingapezeke. Yotsalayo ndiyo ya kuyendera.

Akale anati mlendo ndi mame, ndipo munthu wokalamba sadziwa ngati adzaukwanitsanso ulendo wotere. Cifukwa cace banja lonse lijambulitse cithunzi pa cipilala ca ku Luanshya kapena pakhomo pa nyumba. Cithunzico cisatsalire m'foni, koma cisindikizidwe pa pepala, kuti mai akacipacike pa khoma kumudzi ndi kuuza anansi kuti, "Apa mpamene akhala mwana wanga, ndipo ndinafikapo ndi mapazi anga."