Galimoto ya Diso Limodzi

Usiku pa misewu ya m'Malaŵi muno pamaoneka chinthu china chonyenga maso: kuŵala kumodzi kochokera kutsogolo. Woyenda pansi, wapanjinga, ngakhalenso woyendetsa galimoto ina amayesa kuti ndi njinga yamoto, ndipo amangopatuka pang'ono. Amadzazindikira chinthucho chitafika kale pafupi kuti ndi pikapu yodzaza matumba a chimanga ndi anthu a matola, yoyenda ndi diso limodzi. Nyali yofayo ikakhala ya kumanja, mbali ya pakati pa msewu, theka la galimotoyo silioneka kwa amene akukumana nayo.

Chifukwa chimene nyali za pikapu zimavutira kaŵirikaŵiri n'chosabisika. Galimoto imeneyi ndiyo imatumidwa ku misewu ya fumbi ndi mabampu, ndiyo imaoloka mitsinje yopanda milatho nyengo ya dzinja. Kugwedezeka kumadula kawaya ka m'kati mwa babu, madzi amabala dzimbiri polumikizira mawaya, ndipo fumbi limatsiriza ntchito yotsalayo.

Mmisiri wodziŵa ntchito yake sayamba ndi kumasula zinthu. Amayamba ndi funso lakuti, kodi zazima ndi ziti, nanga zatsala ndi ziti? Mapikapu ambiri akale, monga Toyota Hilux ndi Isuzu KB, amagwiritsa ntchito babu lotchedwa H4, limene linayamba kupezeka mu 1971. Babu limeneli lili ndi timawaya tiŵiri m'galasi limodzi: ka mawati 55 ka dimu ndi ka mawati 60 ka fulu. Tsono ngati mbali imodzi dimu yafa koma fulu ikuyaka, kaŵirikaŵiri mlandu umakhala pa babu. Ngati mbali imodziyo zafa zonse ziŵiri, wokayikiridwa ndi pulagi ya kumbuyo kwa babu, waya wa earth, kapena fyuzi ya mbali imeneyo, pakuti magalimoto ambiri amapatsa nyali iliyonse fyuzi yakeyake. Koma ngati mbali zonse zazima nthaŵi imodzi, mababu alibe mlandu. Vuto lili pa chinthu chimene nyali zonse zimadalira pamodzi, ndicho relay, swichi kapena fyuzi yaikulu. Pali msampha umodzi wokha pamenepa: madimu onse aŵiri angathe kukhala opsa ndithu, imodzi itafa kale mwezi wathawo mwini wake osazindikira.

Fyuzi ndi kachitsulo kopangidwa dala kuti kazipsa msanga, waya asanapse. Apa masamu a m'kalasi amagwira ntchito yake. Mawati akagaŵidwa ndi mavolti amatulutsa maampu, choncho babu la mawati 55 pa mavolti 12 limakoka maampu pafupifupi 4.6, ndipo fyuzi ya maampu 10 imalikwanira bwino. Mafyuzi a pulasitiki a masiku ano amadziŵika ndi mtundu: yofiira ndi ya 10, yabuluu ya 15, yachikasu ya 20. Fyuzi yatsopano ikangopsanso pomwepo, ndiye kuti penapake waya wakhuzuka ndipo akukhudza chitsulo cha galimoto, makamaka pamene akupyola pa boo lakuthwa. Chizoloŵezi chokulunga fyuzi yakupsa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, kapena kuikapo kawaya wamba, n'choopsa zedi. Nyali imayakadi, koma kutentha kumene kukanathera pa fyuzi kumasamukira m'mawaya a pansi pa dashibodi, ndipo galimoto yathunthu ingathe kupsa chifukwa cha kanthu kotsika mtengo chotere.

Relay ndi kabokosi kamene kamalola swichi yaing'ono kulamulira magetsi ambiri. Munthu akayatsa nyali, kamalira kuti "the!" ndipo chala chimamva kugundako. Pa miyendo yake pamalembedwa manambala: 30 ndi wochokera ku batire, 87 wopita ku nyali, 85 ndi 86 ndi ya koyilo yolamulidwa ndi swichi. Njira yapafupi yoyesera ndiyo kusinthanitsa ndi relay ina yofanana nayo ndendende, monga ya hutala. Anyamata ophunzira umakaniko azikumbukiranso kuti Toyota zambiri zakale zimapereka magetsi ku babu nthaŵi zonse nyali zikayatsidwa, ndipo swichi ya dimu ndi fulu imasankha mbali ya earth. Wosadziŵa zimenezi amapeza magetsi pa miyendo yonse itatu ya pulagi, nasokonezeka mutu tsiku lonse.

Vuto limene limataya nthaŵi ndi ndalama za anthu ambiri ndi la earth. Magetsi ayenera kubwerera kumene achokera, ndipo m'galimoto njira yobwererayo ndi chitsulo cha galimoto yomweyo. Kawaya kamodzi komangidwa ndi bawuti kumbuyo kwa nyali ndiko mlatho wake. Dzimbiri likaloŵa pansi pa bawutiyo, nyali siifa ayi, koma imayaka mofooka ngati koloboyi, kapena imathima pa bampu ndi kuyakanso pa bampu lina. Nthaŵi zina magetsi osoŵa njirawo amabwerera kudzera m'mababu ena, mwakuti woyendetsa akayatsa dimu, kanyali kabuluu ka fulu kamaŵala pang'ono pa dashibodi. Eni magalimoto amagula babu, amagulanso lina, amanenera batire zoipa, pamene mankhwala ake ndi kumasula bawuti, kupala chitsulo ndi sandipepala mpaka chiyere, kumanganso molimba ndi kupakapo girizi. Kuchepa kwa magetsi kumeneku si nkhani yaing'ono: mavolti akatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuŵala kwa babu kumatsika ndi magawo pafupifupi 3 mwa 10.

Mababu akamapsa mobwerezabwereza, mita yoyezera magetsi iikidwe pa batire. Injini itazima, batire labwino limaonetsa mavolti 12.6, ikulira, pakati pa 13.8 ndi 14.4. Zikapitirira 15, alternator ikupereka mopyola muyezo ndipo babu lililonse latsopano lidzafa msanga. Galasi la babu la halogen lisagwidwe ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amachititsa malo amenewo kutentha kuposa ena. Mababu a mawati 100 ogulitsidwa m'misika amasungunula pulagi ndi kuthobwa anzawo m'maso.

Nyali za nkhungu zili ndi nkhani yakeyake. Amene anayendapo ku Thyolo ndi ku Mulanje nyengo ya chiperoni, kapena pa Chikangawa m'bandakucha, amadziŵa kuti fulu mu nkhungu imamanga khoma loyera pamaso pa woyendetsa, popeza timadontho ta madzi timabweza kuŵalako. N'chifukwa chake nyali za nkhungu zimaikidwa m'munsi pa bampala, ndipo kuŵala kwake n'kotambalala, kokwaŵa pansi. Zambiri zimene eni ake amati zafa zimakhala zamoyo ndithu: zinalumikizidwa kuti ziziyaka pokhapokha nyali za paki kapena dimu zitayatsidwa, ndipo m'magalimoto ena zimazima zokha fulu ikayaka. Zikakhala zafadi, malo ake otsikawo ndiwo amaziphetsa, ndi miyala yoswa galasi ndi matope oloŵa m'pulagi. Zoikidwa pambuyo ndi amisiri a m'mbali mwa msewu kaŵirikaŵiri zimabedwera magetsi pa waya wa nyali zazikulu popanda relay kapena fyuzi yakeyake, ndipo swichi ya pa chiongolero ndiyo imapsa. Za mtundu, dziko la France linalamula nyali zachikasu kwa zaka zoposa 50 mpaka 1993, koma chimene chimathandiza kwambiri mu nkhungu ndi kutsika kwa nyali, osati mtundu wake.

Mapikapu ena atsopano ali ndi nyali za LED ndi kompyuta yozilamulira, ndipo kuluma mawaya ake mwachisawawa kungaononge chipangizo chodula kwambiri. Amenewa amafuna makina oŵerengera vuto.

Babu likasinthidwa, nyali iyang'anidwe kumene yaloza. Galimoto iimikidwe pa malo osalala, mamita 10 kuchokera pa khoma. Mzere wa pamwamba wa dimu ugwere masentimita pafupifupi 10 m'munsi mwa msinkhu wa nyaliyo, ndipo ukwerere kumanzere, kumene kumayenda anthu apansi ndi njinga. Pikapu ikasenza katundu wolemera kumbuyo mphuno yake imadzuka, dimu n'kusanduka fulu m'maso mwa okumana nayo, choncho imene imayenda yodzaza masiku onse iyesedwe ili ndi katundu wake.