KODI MTENGO WA JEZI YAKALE UMACHOKERA KUTI?

Pa tchuthi chapitachi, nditangofika kwathu ku Nachisaka, ndidapeza nkhani ili m'kamwam'kamwa pamudzi. Atsibweni anga adali atapangana ndi munthu wina wogulitsa zovala pa msika wa pa boma ku Dowa kuti agule jezi ya timu ya dziko lathu ya Flames. Mtengo wake udali wa mbuzi ziwiri. Wogulitsayo adawauza kuti jeziyo si wamba ayi, koma idavalidwa ndi mmodzi mwa anyamata amene adagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0 ku Luanda m'dziko la Angola pa 11 Januwale 2010. Atsibweni adali atamva pa wailesi kuti kunja majezi otere amagulidwa ndi ndalama zochititsa mantha, tsono adaganiza kuti akaigula adzaigulitsanso kwa anthu a chuma n'kupeza zofolerera nyumba ndi malata.

Mbuzi ziwirizo ine ndinkazidziwa bwino. Ndi zomwe atsibweniwo adalonjeza amayi kuti zidzathandiza pa fizi yanga sukulu ikamatsegulidwa. Choncho nkhani ya majezi a anthu otchuka, imene kale ndinkangoiwerenga kuti ndiseke, idasanduka nkhani yanga. Ndikufuna ndifotokozere anzanga ndiponso makolo athu m'mene akatswiri amayezera mtengo wa jezi yotere, kuti wina asadzataye chiweto chake chifukwa cha mau okoma a pamsika.

Zimene atsibweni adamva n'zoona

Poyamba ndivomere kuti wailesi siidaname. Mu Ogasiti 2024, mu mzinda wa Dallas ku America, kampani ya Heritage Auctions idagulitsa jezi imodzi pa mtengo wa madola 24.12 miliyoni. Jeziyo idali ya Babe Ruth, katswiri wa masewero otchedwa baseball. M'masewerowa munthu mmodzi amaponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga, ndipo akakamenya mpaka kugwera kunja kwa mpanda wa bwalo ndiye kuti wapindulira timu yake. Pa 1 Okutobala 1932 timu ya Ruth, New York Yankees, inkalimbirana chikho ndi Chicago Cubs ku Chicago. Ruth adaloza chala, kenaka n'kumenya kampirako kutali kwambiri kunja kwa mpanda. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati ankalozadi kumene adzamenyere kapena ankangonyogodola adani ake. Jezi yotuwa ya nambala 3 imene akuti adavala tsiku limenelo ndi imene idagulidwa ndalama zonsezo.

Ife a mpira wa miyendo tili nacho chitsanzo chathu. Pa 22 Juni 1986, mu mpikisano wa World Cup ku Mexico City, Argentina idagonjetsa England 2 kwa 1. Diego Maradona adagoletsa zigoli zonse ziwiri, choyamba ndi dzanja, chachiwiri atapyola adani ambiri kuchokera pakati pa bwalo. Atatha masewero adasinthana jezi ndi wosewera wa England, Steve Hodge. Mu Meyi 2022 kampani ya Sotheby's idagulitsa jeziyo pa mtengo wa mapaundi 7.1 miliyoni.

Chodabwitsa n'chakuti jezi ya Maradona siidali ya nsalu yapamwamba. A Argentina adaona kuti majezi awo obiriwira ngati mtambo adali olemera ndi otentha, choncho kutatsala masiku ochepa adatuma munthu kukafuna ena opepuka m'sitolo za mu Mexico City momwemo. Mabaji adasokedwa mofulumira ndipo manambala adamatidwa ndi simbi. Apa m'pamene tikuphunzira chinthu choyamba: wogula salipira nsalu. Amalipira mbiri ya tsiku limene nsaluyo idavalidwa. Ndipo mbiri yopanda umboni ilibe mtengo.

Majezi ali mitundu itatu

Mtundu woyamba ndi majezi opangira anthu ochemerera. Amafanana ndi a osewera, amapangidwa zikwizikwi, ndipo ambiri amadzatipeza kuno kudzera m'mabelo a kaunjika. Pali enanso ongotengera, osokedwa ndi anthu amene alibe n'chilolezo chomwe. Mtundu wachiwiri ndi majezi okonzera wosewera weniweni, okhala ndi nambala yake, koma amene sadavalidwe pabwalo. Wachitatu ndi jezi imene idalowa m'bwalo, kukhetsedwera thukuta ndi kugwa nayo pansi. Anthu otolera ndi kusunga zinthu zosowa amafuna kwambiri mtundu wachitatuwu. Vuto n'lakuti mukaiyala pamphasa mitundu itatuyi, maso okha sangasiyanitse msanga. N'chifukwa chake akatswiri amafunsa mafunso awa.

Funso loyamba: adavala ndani, ndipo tsiku liti?

Dzina la wosewera palokha silikwanira. Babe Ruth adasewera zaka zoposa makumi awiri ndipo adavala majezi ambiri, koma tsiku loloza chala lidali limodzi. Jezi yomwe ija idagulitsidwapo mu 2005 pa mtengo wa madola 940,000. Nthawi imeneyo anthu ankadziwa kuti ndi ya Ruth ndiponso kuti ndi ya nyengo ya 1932. Akatswiri atailumikiza ndi tsiku lenileni lija, mtengo udakwera kuposa ka 25, pamene nsalu ndi mabatani zidali zomwezo.

Funso lachiwiri: alipo angati?

Chinthu chikachuluka chimatsika mtengo. Ife a ku Nachisaka timadziwa m'mene matimati amakhalira pamsika aliyense akathyola sabata imodzi. Kale osewera ankalandira majezi ochepa, ndipo ambiri mwa majeziwo adang'ambika kapena kutayika. Masiku ano wosewera wotchuka amatha kusintha jezi pa nthawi yopuma ya masewero alionse. Mu Disembala 2023 majezi asanu ndi limodzi amene Lionel Messi adavala mu World Cup ya 2022 ku Qatar adagulitsidwa pamodzi pa madola 7.8 miliyoni. Onse pamodzi sadafike pa mtengo wa jezi imodzi ya Maradona, imene m'madola idapitirira 9 miliyoni.

Funso lachitatu: yadutsa m'manja mwa yani?

Akatswiri amalondola jezi monga akuluakulu amalondolera mwini munda pa mlandu wa malire: adalima ndani poyamba, adasiyira yani, mboni zake ndani. Jezi ya Maradona njira yake idali yoongoka. Idachoka m'manja mwa mwini wake kupita kwa Hodge, ndipo Hodge adaibwereketsa ku nyumba yosungira mbiri ya mpira ku England, National Football Museum, kumene idaonetsedwa poyera zaka pafupifupi makumi awiri. Ya Ruth mbiri yake imati mwini wakeyo adaipereka kwa mnzake wosewera naye gofu ku Florida, ndipo idakhala m'banja limenelo mpaka mwana wamkazi wa bamboyo adaigulitsa. Pamene pali mpata wosadziwika, poti "ndidaipeza kwa mnzanga wina", mtengo umagwa. Siginecha ya wosewera nayonso si umboni wokwanira, pakuti cholembera chili ndi aliyense.

Funso lachinayi: kodi ikugwirizana ndi zithunzi za tsikulo?

Ili ndi luso limene lakula kwambiri m'zaka zaposachedwapa. Pitani kwa telala akusokereni malaya awiri a nsalu imodzi. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti batani lina lapendekeka pang'ono, msoko wina wakhota, kwina katsala kaulusi. Palibe zovala ziwiri zofanana ndendende. Tsono akatswiri amatenga zithunzi ndi mafilimu a tsiku la masewero, amazikulitsa pa kompyuta, n'kuyerekeza ndi jezi imene ili patebulo. Amaona pamene chilembo chakhala poyerekeza ndi batani, m'mene baji idasokedwera, pamene mizere ya nsalu ikukumana, ngakhale banga kapena pong'ambika.

Jezi ya Maradona itaikidwa pa malonda, mwana wake wamkazi, Dalma, adanena kuti Hodge adalandira ya chigawo choyamba cha masewero, osati imene bambo ake adagoletsera zigoli, pakuti zonse ziwiri zidalowa m'chigawo chachiwiri. A Sotheby's adayankha ndi umboni wa akatswiri a zithunzi, amene adapeza kuti jeziyo ikugwirizana ndi zithunzi za chigawo chachiwiri. Komabe tisaganize kuti luso limeneli silikhala ndi mikangano. Pa jezi ya Ruth akatswiri ena adavomereza, koma kampani ina yodziwika pa ntchitoyi idakana kutsimikiza, poti zithunzi za 1932 n'zakale ndipo sizioneka bwino. Ngati akatswiri okhala ndi zipangizo zonse amatsutsana chonchi, nanga munthu woimirira pamsika ndi thumba lake angatsimikize bwanji ndi pakamwa pokha?

Pa chifukwa chomwechi otolera majezi amakonda jezi yosachapa ndi yosakonza. Dothi, udzu ndi thukuta ndizo mboni zake. Amayi anga atamva zimenezi adaseka kwambiri, amvekere azunguwo ndalama zawasokoneza mitu.

Funso lachisanu: akuifuna ndani?

Ngakhale umboni wonse utakwana, mtengo umapangidwa ndi ogula. Majezi ndatchulawa adagulitsidwa pa okushoni, monga fodya wathu amagulitsidwira ku Kanengo: ogula akachuluka n'kumalimbirana, mtengo umakwera, koma wogula akakhala mmodzi amatchula yekha. Jezi ya Ruth anthu a chuma adailimbirana maola oposa asanu ndi limodzi. Onaninso kusiyana kwa nyengo. Jezi imene Pele wa ku Brazil adavala pa masewero omaliza a World Cup ya 1970 idagulitsidwa ku London mu 2002 pa mapaundi 157,750. Patapita zaka makumi awiri ya Maradona idaposa pamenepo ka 40. Sikuti Pele adali wochepa ayi, koma anthu olemera ofuna zinthu zotere adali atachuluka. Tsono jezi ya Flames, ngakhale itakhala yeniyeni, kuti ipeze ndalama zambiri pafunika anthu a chuma angapo oifuna nthawi imodzi. Anthu otere sitingawapeze pokhala pakhonde ku Nachisaka.

Za mbuzi zija

Madzulo ena, titatha kudya, ndidakhala pansi pafupi ndi mpando wa atsibweni n'kunena kuti, "Atsibweni, pepani, ndilankhuleko ngakhale ndine mwana."

Atamva kuti ndikukayikira jezi ija nkhope idagwa. "Iwe mphwanga, kusukulu kwanuko akukuphunzitsani kutsutsa akuluakulu?"

Ndidati, "Iyayi atsibweni. Koma inu mwalima fodya zaka zambiri. Kodi ku Kanengo wogula amalipira belo asanaone tikiti yake ndi masamba a m'kati?"

Adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Angalipire bwanji? Ena amaika fodya wabwino pamwamba, zinyalala pakati."

Tsiku la msika tidapita limodzi, mbuzi titazisiya m'khola. Mafunso adafunsa okha, ine ndili pambali. Adavala ndani? Wogulitsa adatchula dzina, koma atafunsidwanso patapita nthawi adatchula lina. Adaipeza bwanji? Akuti idachokera kwa mnzake wa ku Joni. Pali kalata kapena chithunzi? Palibe. Atsibweni adaitambasula jeziyo n'kuiyeza pachifuwa panga, ndipo idapezeka kuti ngakhale ine ikadandithina, nanji munthu wamkulu wosewera mpira. Pamenepo wogulitsa adayamba kutsitsa mtengo yekha, kuchoka pa mbuzi ziwiri kufika pa imodzi, mpaka pa mtengo wa nkhuku. Chinthu chenicheni sichitsika chonchi. Pobwerera atsibweni adangoti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Pali china chimene nkhaniyi yandiphunzitsa. Dziko lathu lili ndi masiku ake oyenera kukumbukiridwa. Flames idatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, 1979 ndi 1988. Kinnah Phiri, amene adagoletsa zigoli zambiri m'zaka za m'ma 1970, ndi yemwenso ankaphunzitsa timu imene idagonjetsa Algeria mu 2010. Pa 25 Januwale 2022 Gabadinho Mhango adagoletsa Morocco chigoli cha patali ku Cameroon chimene dziko lonse lidachiona. Mu 2024 Temwa Chawinga adagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ku America n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Ngati m'banja mwanu muli jezi, mendulo kapena chithunzi cha mbale amene adasewerapo mpira, ngakhale wa timu ya sukulu, lembani papepala dzina lake, chaka, bwalo ndi amene adakupatsani, mboni zikadali moyo, ndipo musunge pepalalo pamodzi ndi chinthucho. Mwina sichidzagulidwa ndi madola, koma adzukulu adzadziwa chimene agwira m'manja.

Jezi ija atsibweni adaigula ndithu, pa mtengo wa nkhuku, n'kupatsa mng'ono wanga. Mbuzi imodzi idagulitsidwa ndipo n'chifukwa chake ndabwerera kusukulu teremu ino. Inayo ikadali m'khola, ndipo mng'ono wangayo amavala jezi yake ya Flames akamapita kukaidyetsa kuphiri.