Mpikisano Wopanda Woyimbira: Zikondwerero za Okwera Matanthwe

Ambirife masewero okwera khoma tidawaonera pa kanema nthawi ya Olympics. Adalowa koyamba m'mipikisanoyo ku Tokyo mu 2021, ndipo ku Paris mu 2024 Janja Garnbret wa ku Slovenia adatenganso mendulo yagolide kachiwiri. Khoma la ku Olympics ndi lochita kumanga. Zogwirira zake ndi zapulasitiki, pansi pali oyimbira masewero ndi makamera, ndipo madokotala amakhala ali tcheru pafupi. Koma ulipo mtundu wina wa mpikisano umene sitiuona kawirikawiri. Umachitikira pa matanthwe enieni, kutchire, pa zikondwerero zimene okwera matanthwe amakonza okha. Tiyeni tione momwe mipikisanoyi imayendera, ndiponso momwe ena amafikira matanthwe akutali pa njinga zamoto zoyenda m'misewu yoipa.

Mipikisano ikuluikulu idachokeranji kutchire?

Mu 1985, ku Bardonecchia m'dziko la Italy, kudachitika mpikisano wotchuka wotchedwa Sportroccia. Udachitikira pa thanthwe lachilengedwe. Posakhalitsa vuto lidaoneka. Kuti mpikisano ukhale wachilungamo pamafunika njira yatsopano imene wina aliyense sadaikwerepo, choncho okonza ena ankasema thanthwe ndi kudula mitengo kuti oonerera aone bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 adagwirizana zoti mipikisano ya mayiko izichitikira pa makoma omanga basi.

Kutchire kudatsala zikondwerero. Ku Val Masino, ku Italy komweko, chikondwerero cha Melloblocco chidayamba mu 2004, cha okwera miyala ikuluikulu popanda chingwe, atayala matiresi pansi. Ku Waterval Boven, m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, nakonso okwera matanthwe akhala akukumana n'kumapikisana awiriawiri. Pa zikondwererozi thanthwe salisema. Katswiri ndi wongoyamba kumene amagona m'matenti pamalo amodzi, aliyense n'kumasankha njira zolingana ndi mphamvu zake.

Anthu awiri, chingwe chimodzi

Kuti timvetse kawerengedwe ka mapointi, tiyambe taona momwe anthu awiri amakwerera. Onse amavala lamba wolimba wozungulira chiuno ndi ntchafu. Wokwerayo amamanga chingwe pa lamba wake ndi mfundo yooneka ngati nambala 8. Pamene akukwera amakoleka chingwecho m'ngowe zachitsulo zimene amazipachika pa mabawuti okhomeredwa m'thanthwe. Mnzake amaima pansi, chingwe chikudutsa m'kachitsulo kamene kali pa lamba wake. Amachimasula pang'onopang'ono, ndipo wokwerayo akaterereka amachigwira kuti chisapitirire. Chingwechi chimatamuka pang'ono dala, kuti wogwayo asathyoke msana chikamamugwira.

Njira iliyonse ili ndi nambala yosonyeza kuvuta kwake. Ku America amalemba 5.6, 5.10, 5.12 mpaka 5.15. Ku France ndi mayiko ambiri a ku Ulaya amalemba 6a, 7b mpaka 9c, nambala imene Adam Ondra adapereka ku njira yotchedwa Silence, ya ku Flatanger ku Norway, ataikwera mu 2017.

Maola 24 ku Arkansas

Chitsanzo chabwino cha mpikisano wa pachikondwerero ndi 24 Hours of Horseshoe Hell, umene udayamba mu 2006 ku Horseshoe Canyon Ranch, pafupi ndi tauni ya Jasper m'chigawo cha Arkansas ku America. Umachitika chakumapeto kwa Seputembala. Timu imakhala ya anthu awiri, ndipo amakwera kwa maola 24 osagona. Usiku amaunikira ndi tochi za pamphumi. Njira yovuta imapatsa mapointi ambiri, yosavuta ochepa, ndipo kuti njira iwerengedwe munthu ayenera kuikwera kuyambira pansi mpaka pamwamba osagwa kapena kupumira pa chingwe. Matanthwe a kumeneko ndi aafupi, choncho amphamvu amakwera njira zoposa 100. Ngakhale Alex Honnold, amene adakwera El Capitan popanda chingwe mu 2017, adapikisanapo nawo.

Apa mphamvu zokha sizikwanira. Timu ikathamangira njira zovuta m'mawa, khungu la zala limaperepeseka dzuwa lisanalowe. Ikangokhalira njira zosavuta, imataya nthawi pamzere, chifukwa ambiri amafuna zomwezo. Opambana amakonzeratu kuti ayambire mbali iti ya chigwa, adye nthawi yanji, ndipo njira ziti azisungire m'bandakucha pamene maso alemera.

Chodabwitsa n'chakuti palibe woyimbira amene angaime pansi pa njira iliyonse m'chigwa chonse usiku wonse. Opikisanawo amalemba okha zimene akwera. Munthu akatsamira chingwe kwa mphindi pang'ono pakati pa usiku, amene waona ndi mnzake yekhayo. Mpikisano wonse waima pa chilungamo cha anthu awiriwo. Komanso kutopa kumabweretsa ngozi: mfundo yomangidwa mosamaliza, kapena wogwira chingwe amene wayamba kusinza. N'chifukwa chake okwera matanthwe ali ndi mwambo woti asananyamuke pansi, aliyense ayang'ane mfundo ndi lamba wa mnzake, ngakhale ikhale njira ya nambala 90 tsikulo.

Kumene galimoto silifika

Zikondwerero zimachitikira pamalo pamene khamu lingafike. Matanthwe ena abwino ali kutali, kumapeto kwa misewu ya miyala, mchenga ndi zigwembe. Kumeneko ena amapita pa njinga yamoto yamtundu umene Azungu amautcha dirt bike. Imasiyana ndi njinga za kabaza zimene tidazolowera. Gudumu lake lakutsogolo ndi lalikulu, kawirikawiri la mainchesi 21, kuti lizikwera miyala mosavuta. Matayala ali ndi mano akuluakulu ogwira dothi, masipuling'i ake ndi aatali, ndipo injini imakhala patali ndi nthaka kuti isagunde miyala. Imapepuka, kotero ikagwa munthu mmodzi amatha kuidzutsa.

Koma walira mvula walira matope. Njinga yotereyi ili ndi thanki yaing'ono ndipo ilibe malo ambiri a katundu. Chingwe cha mamita 70 chimalemera pafupifupi makilogalamu 4. Tikawonjezapo ngowe, nsapato zokwerera, lamba, chipewa cholimba, madzi ndi chakudya, chikwama chimalemera ndithu. Chikakhala kumsana chimakoka munthu chammbuyo pa chitunda ndi kumukankhira kutsogolo potsetsereka, choncho odziwa amamangirira zolemera pa njinga, m'munsi. Chingwe amachisunga kutali ndi batire, petulo ndi paipi yotulutsa utsi. Asidi wa m'batire amadya ulusi wa chingwe mosaonetsa chizindikiro chilichonse, ndipo chingwe chotero chingaduke munthu ali m'mwamba.

Palinso nkhani ya manja. Kuyendetsa njinga m'miyala kwa maola awiri kumatopetsa mikono, yomweyonso imene ikufunika pa thanthwe. Pobwerera madzulo, munthu amagwira mabuleki ndi zala zotopa kale. Tisaiwalenso kuti mtunda umene njinga yadutsa mu ola limodzi ungatenge tsiku lonse wapansi. Tayala likaphulika kapena wina akathyoka mwendo, ambulansi siifika, ndipo nthawi zambiri netiweki ya foni kulibe. Okonzekera bwino amatenga chubu chapadera, pampu, masipanala, mabandeji ndi madzi oposa amene akuganiza kuti amwa. Amapita ndi njinga ziwiri, ndipo amauza wina kunyumba kumene akupita ndi nthawi yobwerera.

Malire a njinga

Si paliponse pamene njinga yamoto imaloledwa. Ku America, lamulo la Wilderness Act la 1964 limaletsa magalimoto ndi njinga m'madera amene boma lidawapatula kuti akhale tchire losakhudzidwa. Ku Canyonlands National Park, m'chigawo cha Utah, kuli msewu wafumbi wa White Rim wa makilomita pafupifupi 160, umene umadutsa pafupi ndi nsanja zamiyala monga Washer Woman ndi Monster Tower. Woyenda mumsewuwu amafunika chilolezo, njinga yake ikhale yovomerezeka kuyenda pamsewu wamba, ndipo saloledwa kupatuka. Chifukwa chake chili m'dothi. Pamwamba pa nthaka ya m'chipululumo pali kachikhungu ka tizamoyo ting'onoting'ono kamene kamagwira mchenga kuti usauluke ndi mphepo. Tayala likakaponda kamodzi, pamatenga zaka zambiri kuti kabwerere.

Matanthwe ambiri padziko ali m'minda ya anthu, m'malo a mafumu kapena m'nkhalango zotetezedwa. Phokoso la injini, chipata chosiyidwa chosatseka, kapena njira yokumbika ndi matayala n'zokwanira kuti mwini malo atsekere okwera onse, olakwa ndi osalakwa omwe. Woyendetsa mmodzi wosasamala angathe kutayitsa anzake thanthwe limene akhala akulikwera kwa zaka.

Ifenso nkhaniyi siili patali nafe. Phiri la Mulanje lili ndi thanthwe la Chambe, limene mbali yake yakumadzulo ndi yotalika mamita pafupifupi 1,700, ndipo imawerengedwa pakati pa makoma amiyala aatali kwambiri mu Africa. Phirilo ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo m'munsi mwake muli midzi ndi minda ya tiyi. Wina mwa ife akadzafuna kuyamba masewerowa, ayambe pa khoma lalifupi ndi mphunzitsi wodziwa, aphunzire kugwira chingwe asanaphunzire kukwera pamwamba, ndipo afunse eni malo asanalize injini kapena kukhoma bawuti. Akadzafika kumene kulibe woyimbira kapena mlonda, adzayenera kuyang'ana yekha mfundo ya mnzake, kuimika njinga pamene msewu wathera, ndi kulemba pa pepala zokhazo zimene wakweradi.