MAKOLEJI ANG'ONO A KU AMERICA: MUSAGULITSE NG'OMBE MUSANAONE KALATA YA NDALAMA

Pa Sondo lina titatuluka m'chalichi, bambo wina wa mu mphakati wathu anatikokela pansi pa mtengo wa mango. M'manja anali ndi mapepala amene mwana wao wamkazi anasindikiza ku tauni. Mtsikanayo anakhoza bwino kwambili mayeso a Giledi 12, ndipo aphunzitsi ake anamuuza kuti ayese mwai ku makoleji ang'onoang'ono a ku America. Iye anasankha asanu ndi limodzi. Bamboyo anayala mapepala onse pa benchi nati saona kusiyana kulikonse: ponseponse nyumba za njelwa zofiila, kapinga wochecha bwino, ndi ana akuseka pansi pa mitengo. Funso lao linali limodzi cabe, lakuti agulitse ng'ombe zingati.

Tinawauza kuti asagulitse ngakhale nkhuku. Zimene tinakambilana tsiku lija tazilemba pano cifukwa mapepala otele ayamba kufika m'manyumba ambili a alimi.

Makoleji amenewa eni ake amawacha liberal arts colleges. Ambili ali ndi ophunzila pakati pa 1,500 ndi 3,000. Maphunzilo atenga zaka zinai ndipo mapeto ake ndi digili yoyamba. Mwana sasankha nchito yake tsiku lolowa monga ticitila kuno. Poyamba amalawa zambili, masamu, sayansi, mbili yakale, zinenelo ndi za cuma, ndipo amasankha phunzilo lake lalikulu ca kumapeto kwa caka caciwili. Pafupifupi onse amagona pa koleji pomwepo, ndipo m'kalasi mumakhala anthu ocepa kotelo kuti mphunzitsi amadziwa mwana aliyense ndi dzina.

Si malo onyozeka. Eduardo Mondlane, mtsogoleli woyamba wa FRELIMO ku Mozambique, anatsiliza pa Oberlin mu 1953. Kofi Annan anatsiliza pa Macalester mu 1961. Mai Wangari Maathai a ku Kenya, amene analandila mphoto ya Nobel mu 2004 pa nchito yobzala mitengo, anatsiliza mu 1964 pa Mount St. Scholastica, kakoleji ka masisitele a St. Benedict ku Kansas.

Koma tisanapite patali, tinene za khomo. Mu December 2025 boma la America linalengeza kuti kuyambila pa 1 January 2026 liimitsa kupeleka mavisa a ophunzila kwa nzika za maiko angapo, kuphatikizapo Zambia, Malawi ndi Zimbabwe. Koleji ingathe kulandila mwana, koma visa imacokela ku boma. Malamulo otele amabwela ndi kusintha, pamene kukonzekela kufunsila malo kumatenga nthawi yoposa caka. Conco nchito yoyamba ndi kufunsa ku ofesi ya kazembe wa America mu Lusaka, kapena kwa alangizi a EducationUSA amene salipilitsa, kuti lamulo lili pati lelo. Musalipile ngwee iliyonse musanamve yankho limeneli.

MTENGO WAKE

Makoleji ochuka a mtundu uwu amalipilitsa ndalama zopitilila madola 80,000 pa caka, kuphatikizapo cakudya ndi pogona. Mu 2025 a FRA anagula thumba la cimanga la makilogilamu 50 pa K340. Ndiye kuti pa nthawi imeneyo caka cimodzi cokha cikanadya matumba opitilila 5,000. Palibe khola m'mudzi mwathu limene lingakwanitse zimenezi. Mwana wa mlimi amapita kokha ngati koleji yeniyeniyo yavomela kusenza pafupifupi katundu yense, ndipo apa ndi pamene makoleji ooneka ofanana amasiyanila.

Alipo ocepa, monga Amherst ndi Bowdoin, amene amayang'ana nzelu za mwana wa kunja asanaone thumba la atate ake, ndipo akamulandila amalipila zonse zimene banja silingakwanitse. Njila imeneyi amaicha need-blind. Cifukwa ca ici anthu a dziko lonse lapansi amathamangila komweko, ndipo olandilidwa ndi ocepa zedi. Ena ambili ndi need-aware: amaona umphawi wa mwana posankha, kotelo kuti amphawi amalimbilana malo ocepa okhaokha. Pakati pa amenewa, ena amalonjeza kukwanilitsa zosowa zonse za amene amulandila, pamene ena amapeleka theka n'kusiya theka. Theka la madola 80,000 likali phili.

Koleji imene ife alimi tingaimvetse msanga ndi Berea ya ku Kentucky. Inayamba mu 1855, nthawi ya ukapolo, ndi m'busa John G. Fee amene anafuna kuti akuda ndi azungu aphunzile pamodzi. Kuyambila mu 1892 silipilitsa ndalama ya maphunzilo, ndipo imalandila ana a mabanja osauka okha. Wophunzila aliyense amagwila nchito ya pa koleji maola osacepela 10 pa mlungu, ena a iwo pa famu ya koleji. Komabe ngakhale kumeneko mwana wa kunja amafunsidwa ndalama ya cikole asanafike, ndipo malo a akunja ndi owelengeka.

Kalata ya ndalama ikabwela, muiwelenge monga muwelengela pepala la ngongole ya feteleza. Muone kuti ndi zingati zimene zili mphatso, ndi zingati zili ngongole yobweza, ndi zingati zimene mwana ayenela kuzigwilila nchito. Lamulo limalola wophunzila wa kunja kugwila nchito pa koleji maola osapitilila 20 pa mlungu sukulu ili mkati, ndipo ndalama yake ndi ya sopo ndi mabuku, si yomangila nyumba ya malata kumudzi. Mufunsenso za zimene kalata sichula: tikiti ya ndeke, inshuwalansi ya cipatala, ndi kumene mwana adzagona pa chuti ca Khilisimasi. Ku Minnesota kuzizila kumatsika kupitilila madigili 20 pansi pa zilo, ndiye jekete nayo si nkhani yaing'ono. Cikomekome ca mkuyu mkati muli nyelele.

Inu makolo muli ndi mbali yanu. Makoleji ambili amafuna fomu yochedwa CSS Profile kapena ina yofanana nayo, pamene mumalemba zimene banja limapeza pa caka, munda, ziweto, ndi ana ena amene mulipilila sukulu. Mlimi alibe pepala la malipilo a pa mwezi, conco sungani malisiti a cimanga, thonje, soya ndi nshawa. Ndipo lembani zoona. Tamvapo ena akulangiza kuti mudzikweze pa fomu kuti mwana alandilidwe msanga. Mukalemba kuti mungakwanitse madola 10,000 pa caka, koleji idzawafuna zaka zonse zinai, kaya mvula yagwa kaya kuli cilala monga ca 2024.

ADZAPHUNZILA CIANI?

Bambo uja anali kufuna kuti mwana wao akhale dokotala. Tinawauza kuti ku America udokotala ndi uloya amaziphunzila atatsiliza digili yoyamba, ndipo kwa mwana wa kunja malo ndi ndalama za udokotala n'zovuta kwambili. Makoleji ambili a mtundu uwu saphunzitsa unesi, ulimi kapena uinjiniya. Berea ili ndi ulimi ndi unesi, St. Olaf ili ndi unesi, Swarthmore ili ndi uinjiniya. Mwana ayang'ane mndandanda wa maphunzilo, osati zithunzi, ndipo akumbukile kuti pobwela kuno pepala lake lidzadutsa ku ZAQA kuti litsimikizidwe.

Pali cina cimene ife a mpingo timafunsa nthawi zonse, ca mapemphelo. Ambili mwa makoleji amenewa anayambitsidwa ndi machalichi, koma ena anasiyana nao kalekale. M'tauni imodzi ya Northfield ku Minnesota muli awili: Carleton ya mu 1866, imene lelo siili pansi pa mpingo uliwonse, ndi St. Olaf ya mu 1874, imene ikali ya Lutheran ndipo ndi yochuka ndi kwaya yake. Holy Cross ku Worcester ndi ya ansembe a Jesuit kuyambila 1843. Dzina la woyela pa cipata silikutanthauza kuti mwana adzadzutsidwa kupita ku Misa. Kumeneko palibe amene adzamukakamiza. Cimene mungafunse ndi cakuti kodi pali wansembe kapena m'busa pa koleji, ndipo chalichi cili pa mtunda wotani.

KUFUNSILA MALO

Sukulu kumeneko imatsegula ca kumapeto kwa August kapena kuciyambi kwa September, ndipo kufunsila malo kumacitika caka cakumbuyo. Makoleji ambili amagwilitsa nchito fomu imodzi ya pa intaneti, Common Application, imene imalola mwana kufunsila malo ofika 20. Ena amalipilitsa pofunsila, ena monga Carleton ndi Grinnell salipilitsa, ndipo wosauka angathe kupempha kuti amukhululukile. Pamafunika zotuluka za mayeso, makalata a aphunzitsi omudziwa bwino, nthawi zina mayeso a SAT kapena a Cingelezi, ndi nkhani yolemba yekha ya mau osapitilila 650.

Pa nkhani imeneyi ana athu amalakwitsa pocita manyazi ndi kwao. Amalemba za kufuna kusintha dziko lonse, zimene ana zikwi amalembanso. Mtsikana amene anasunga buku la ndalama za kalabu ya amai ake, kapena mnyamata amene anapulumutsa mbuzi ku matenda akuwelenga usiku ndi nyali, ali ndi nkhani imene wina aliyense alibe. Alembe imeneyo, ndipo ailembe yekha.

Masiku ndi awili. Pali Early Decision, kawilikawili mu November, imene ili ngati kutomela: mwana, kholo ndi mlangizi wa pa sukulu amasaina kuti akalandilidwa adzapita komweko n'kuleka kwina konse. Angamasulidwe ngati ndalama zapelewela, koma amataya mwai woyala makalata awili kapena atatu pa tebulo ndi kuwayelekeza. Ife tiona kuti mwana wosauka aitenge pokhapo ngati kolejiyo inalemba poyela kuti imakwanilitsa zosowa zonse za akunja. Njila ina ndi ya wamba: mafomu amatseka kuciyambi kwa January, mayankho amabwela ca kumapeto kwa March, ndipo mwana amavomela pofika 1 May.

Cenjelani ndi anthu oyenda ndi zikwama amene amati lipilani, malo tikupezelani. Malo a m'makoleji amenewa sagulitsidwa kudzela mwa munthu wapakati.

Popeza khomo la visa lili m'manja mwa ena, mwana asaike mbeu zonse m'munda umodzi. Patrick Awuah wa ku Ghana, amene anaphunzila pa Swarthmore, anatsegula Ashesi University kwao mu 2002 potengela kaphunzitsidwe komweko. Ku Mutare mu Zimbabwe kuli Africa University ya mpingo wa Methodist, imene inatsegula mu 1992. Ndipo mafomu a UNZA ndi CBU asawadutse.

Bambo uja anapinda mapepala ao. Tinagwilizana kuti mtsikanayo ayambe ndi ku Lusaka kukafunsa za visa, kenako alembele makoleji onse asanu ndi limodzi kufunsa ngati amakwanilitsa zosowa zonse za mwana wa kunja kwa zaka zinai, ngati mkati muli ngongole, ndi ngati ali ndi phunzilo limene afuna. Amene sadzayankha momveka adzawacotsa pa mndandanda. Ng'ombe zikali m'khola, ndipo zidzalima caka cino.