Pangano la zanyengo: ngongole yopanda chikole

Mukakwera mapiri a ku Nchenachena m'boma la Rumphi, mupeza minda ya khofi, mbewu yofuna malo ozizira. Kukamatentha, mlimi amasunthira munda kumtunda, koma phiri lili ndi polekezera. Anthu a kumeneko sanaiwalenso za 2003, pamene chimvula chinagumula mapiri n'kukokolola minda. Akatswiri akuti dziko likamatenthera, mvula yolusa choncho izichuluka.

Nanga atsogoleri a maiko akuchitapo chiyani? Misonkhano yokhayokha, abale!

Anayambira ku Rio mu 1992. Mu 1997 ku Kyoto anapangana zokakamiza maiko olemera kuchepetsa utsi wa m'mafakitale ndi magalimoto, umene ukutenthetsa dziko. America inakana kuvomereza, Canada inalengeza zotulukamo mu 2011. Ku Paris mu 2015 anafewetsa: dziko lililonse lizidziikira lokha mlingo, likalephera palibe chindapusa. Ngakhale zinafewa choncho, a Donald Trump anatulutsamo America kawiri konse.

Inu a mumsika mukuzidziwa izi. Kasitomala akatenga katundu n'kuti "ndidzapereka mwezi ukatha", osasiya chikole, mumagona tulo?

Ndi mmene zilili ndi ndalama zothandizira maiko osauka ngati Malawi. Ku Copenhagen mu 2009, olemera analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Anakwanitsa mu 2022, zambiri zili ngongole. Ku Baku mu 2024 analonjezanso 300 biliyoni pachaka, koma pofika 2035. Pakati pa malonjezowa, namondwe Freddy anapha Amalawi oposa 600 mu March 2023.

Ndiye pangano lokhala ndi chilango lidzatheka? N'kovuta. Pamisonkhanoyi mfundo imadutsa maiko onse akagwirizana, kotero ogulitsa mafuta akakana, nkhani yathera pompo.

Kachiyembekezo kanachokera kukhoti lalikulu la maiko onse ku The Hague. Mu July 2025 linati kuteteza nyengo ndi udindo wa lamulo, ndipo dziko lonyozera lingathe kulipitsidwa. Unali uphungu chabe, osati chigamulo chokakamiza, komabe osauka apeza pogwira.

Pakadali pano olipira ndi mlimi wa ku Nchenachena ndi inu apabenchi. Zokolola zikachepa kumudzi, mtengo wopikulira umakwera, kasitomala n'kumakalipira inu. Nthumwi zathu zikamapitanso kumsonkhano, tizifunse funso la mumsika: chikole chili kuti?