Cilengezo ca pepala cikonzedwe cisanafike m'khutu

Kuno ku Chawama, monganso ku Kanyama ndi ku Matero, zilengezo za parishi ndi za magulu a alimi timazilemba pa kompyuta mu Microsoft Word, n'kuzikhoma pa bolodi. Koma agogo amene maso anafooka, ndi amai amene sukulu anailekera panjira, pepala lija siliwauza kanthu. Tsiku lolembetsa fataleza likadutsa iwo osamva, munda wa kumudzi ndiwo umalira.

Kuyambira 2013, pamene WhatsApp inayamba kunyamula uthenga wa mau, njira ilipo: cilengezo tingaciwerenge, kucijambula, n'kucitumiza m'miphakati. Pulogalamu ya Audacity, imene inatuluka mu 2000, ndi yaulere ndipo nchitoyi imaigwira bwino. Koma tidziwe kuti Audacity sitsegula fayelo ya Word. Imalandira malemba wamba a .txt, n'kuwaika ngati zizindikiro pansi pa mau ojambulidwa, mzere uliwonse ndi nthawi yake yoyambira ndi yothera.

Conco coyamba, mlembi asunge cilengezo ngati Plain Text ndipo asankhe UTF-8. Akapanda kutero, cilembo ca ŵ cingatuluke ngati w wamba kapena cizindikiro ca funso. Mabokosi, zithunzi ndi zilembo zakuda zonse zimatsala m'mbuyo. Ngati ndandanda ya Misa kapena ya mitengo ya mbeu inali m'bokosi, ilembedwenso m'ziganizo.

Caciwiri, ndipo ici ndiye cacikulu, diso limabwerera pamene silinamvetse, koma khutu silibwerera. Ciganizo ciliconse cikhale pa mzere wakewake, cacifupi coti munthu acinene ndi mpweya umodzi. Wowerenga akaphonya, abwereza mzere womwewo basi, osati cilengezo conse. Tsiku lisalembedwe 05/11, cifukwa wina adzati 5 November, wina 11 May. Lilembedwe ndi dzina la mwezi, ndipo tsiku, malo ndi ndalama zinenedwe kawiri.

Cacitatu, Cinyanja cathu cili ndi mau olembedwa mofanana koma omveka mosiyana. Mtengo wa mango umene tibzala ndi mtengo wa thumba la cimanga pa msika, pa pepala ndi amodzi. Makina sadzatiuza kuti apa tikweze mau, apa titsitse. Wowerenga aone cilengezo conse kaye, afunse mlembi pamene pamuvuta.

Tipempha alembi a makhonsolo ndi atsogoleri a makopaletivu kuti asatumize zojambulazo msangamsanga. Ziyambe zamvedwa ndi munthu mmodzi wacikulire amene sanaone pepalalo, ndipo afunsidwe kuti msonkhano uli liti, kuti, ndipo atenge ciani. Akayankha zonse zitatu, tumizani. Akakaika pa cimodzi, bwererani ku pepala mukakonze mzere umenewo. Wakutsina khutu ndi mnansi.